Funsani Aphunzitsi: Ma Free Radical Otsekeredwa M'kuzizira

Funso: Aphunzitsi, buku lathu likuti ma free radical sakhalitsa, amangogwirana ndi chilichonse. Nanga asayansi amawaona bwanji? Wophunzira wa Fomu 4, Zomba.

Yankho: Mwanawe, amawaumitsa ndi kuzizira. Free radical ndi molekyulu kapena atomu yokhala ndi elekitironi yopanda inzake, ndiye m'madzimadzi sichedwa kupeza chogwirana nacho.

Mu 1942, ku yunivesite ya ku Berkeley ku America, asayansi Gilbert Lewis ndi David Lipkin ankasungunula mankhwala m'chisakanizo cha ether, isopentane ndi ethanol, n'kuchiziziritsa koopsa. Chisakanizochi chimauma mbee ngati galasi, kuwala n'kumadutsa bwinobwino. Akachiwalitsa ndi UV (kuwala kwamphamvu kosaoneka ndi maso), elekitironi imathothoka n'kukakodwa chapambali, ndipo mankhwala otchedwa TMPD, omwe alibe mtundu, amasanduka abuluu. Buluuyo ndiye free radical, popeza TMPD yatsala ndi elekitironi yopanda inzake. Mu nayitirojeni wamadzi, pa -196°C, buluuyo amakhala maola ambiri chifukwa palibe chosuntha.

Ine pamene pamandisangalatsa m'pofunditsa. Galasi likayamba kufewa, elekitironi ija imabwerera pamalo pake, buluu amazimirira, nthawi zina n'kutulutsa kuwala kooneka mumdima. N'chifukwa chake ofufuza amapima galasilo likadali lozizira, poona kuwala kumene likumeza kapena pogwiritsa ntchito makina a ESR, amene amazindikira elekitironi yopanda inzake.