Timu yopambana magemu 13, chaka chinacho nkugonja 10, zinatheka bwanji?

FUNSO: Mwana wa achemwali anga akuphunzira ku Florida State University ku Tallahassee ndiye ndinayamba kutsatira mpira wa ku America wovala zipewa zolimba uja chifukwa cha iye. Mu 2023 timu yawo inapambana magemu 13 motsatizana koma mu 2024 inangopambana awiri nkugonja 10, mnyamatayo pa foni amachita kumveka ngati kwagwa maliro. Zinatheka bwanji, nanga anaitsitsa ligi?
Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Zikomo amalume. Zotsitsana ligi kumeneko kulibe, chilango chake nchoti timu ikalephera kupambana magemu 6 nthawi zambiri siitanidwa ku masewero akumapeto kwa sizoni omwe amati bowl.

Musaiwale kuti osewerawa ndi ana asukulu, zaka zawo zosewera nzowerengeka ndiye timu imasintha chaka ndi chaka. Itatha 2023 akatundu monga Jared Verse, Keon Coleman ndi Trey Benson anapita ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri a mpirawu ku America, nayenso Jordan Travis yemwe anali quarterback, woponya mpira uja amene zonse zimayambira pa iye, nthawi yake inali itatha. Travis anathyoka mwendo mu November 2023 ndipo komiti yosankha matimu anayi olimbirana chikho inawasiya a Florida State kunja ngakhale anali asanagonjeko, zinandiwawa kwambiri zimenezija, osewera ambiri sanasewere gemu ya Orange Bowl ndipo Georgia inawakwapula 63-3.

Pomwe ine ndimamudandaula kochi Mike Norvell mpoti anadalira kwambiri kutola osewera a makoleji ena kuti atseke mipata msangamsanga, ngati DJ Uiagalelei wochokera ku Oregon State. Mpira umenewu umafuna kuzolowerana, anyamata asanu otchinga kutsogolo aja mmodzi akangochedwa pang'ono basi quarterback ali pansi, ndiye anthu ongokumana kumene sangamvane pa miyezi yochepa. Zinaonekeratu pa gemu yoyamba ku Dublin mu August 2024, Georgia Tech inawapambana 24-21, kenaka Boston College, Memphis, mpaka Notre Dame kuwachita 52-3 ndipo Norvell anachotsa ntchito omuthandiza ake akuluakulu. Omwe Florida State inawagonjetsa ndi California ndi Charleston Southern basi.

Mnyamatayo musamuseke chonde, ku koleji timu ndi ya aliyense ndipo Lolemba amakhala mkalasi limodzi ndi anzake omwe agonjawo. Magemu ambiri amakhala Loweruka, muzimuimbira Lamulungu lake.