Tchalitchi cha mchere pansi pa nthaka, chilikodi?

FUNSO: Akonzi ndithandizeni. Alamu anga ananditumizira vidiyo pa WhatsApp ya tchalitchi chomwe akuti chili pansi pa nthaka ndipo chilichonse mmenemo ndi mchere. Amuna anga akuti ndi zopanga pa kompyuta basi, takangana mpaka usiku. Malowa alikodi? Nanga mcherewo susungunuka?
Mayi wokonda magazini ino

YANKHO: Mayi, auzeni bambo akunyumbawo kuti ulendo uno mwawina ndinu. Malowo alipo, ndi mgodi wa mchere wa Wieliczka ku Poland, kufupi ndi mzinda wa Kraków. Anayamba kukumba m'zaka za m'ma 1200 ndipo anakumba osalekeza mpaka 1996, ndiye taganizani zaka 700 anthu akungolowa pansi, mpake mgodiwo unafika mamita 327 kuya kwake. Mchere nthawi imeneyo unali chuma chenicheni poti kunalibe mafiriji, nyama ndi nsomba amasungira omwewo, moti m'masiku a mfumu Casimir Wamkulu ndalama zambiri za ufumu zimachokera mu mchere. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika mgodiwu pa mndandanda wake woyamba weniweni wa malo ofunika padziko lonse mu 1978.

Tchalitchi mwaonacho ndi cha Kinga Woyera, chili mamita 101 pansi ndipo m'litali mwake ndi mamita 54. Guwa ndi mchere, pansi popondapo pamaoneka ngati matailosi koma ndi mchere wosemedwa, nyale zolendewera kudenga zija timikanda take nawonso mchere, ngakhale chithunzi cha Mgonero wa Ambuye chili pakhoma anachita kugoba mu mchere momwemo. Musayembekeze zoyera mbee ngati wa mu paketi, mchere wa mmenemo ndi wotuwa ngati mwala, alendo ena mpaka amanyambita khoma kuti akhulupirire.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi anthu amene anasema. Sanali akatswiri ochita kuitanidwa ayi, anali okumba mgodi omwewo, Józef Markowski ndi mchimwene wake Tomasz, kenako Antoni Wyrodek, ntchito inatenga zaka zambirimbiri. Ndipo kupemphera pansi pamenepo sikunali kodzionetsera, ntchitoyo imapha. Denga limatha kugumuka, moto umabuka, komanso kunali mpweya wa methane womwe umaunjikana kudenga nkuphulika, ndiye panali amuna ena omwe ntchito yawo inali kukwawa chafufumimba atavala zovala zonyowa, atagwira mtengo wautali wa moto kunsonga kuti awotche mpweyawo usanachuluke anzawo asanalowe. Munthu wogwira ntchito yotere kudzigobera malo ogwada nkuyamba wapemphera, ine ndikumumvetsa. Mpaka lero Misa imachitika mmenemo, ena amamangitsiramo maukwati.

Za kusungunukazo mwafunsa bwino, mdani wamkulu wa mgodiwu ndi madzi. Mu 1992 madzi anathyolera mkati nkuwononga kwambiri, ndipo chinyezi cha mu mpweya chimadya ziboliboli pang'onopang'ono, nchifukwa chake anaikamo makina owumitsa mpweya komanso madzi olowa amawapopera kunja nkuwaphika kuti atulutse mchere. Koma mitengo yochirikiza denga yokha mchere umaisunga, siwola msanga.

Mukadzapita mudzavale nsapato zabwino ndi kajuzi, mkatimo ndi madigiri 17 kapena 18 chaka chonse. Poyamba penipeni pali masitepe a matabwa pafupifupi 380 ongotsika, onse pamodzi amakwana 800, njira ya alendo ndi makilomita atatu ndi theka ndipo imakufikitsani mamita 135 pansi, mukudutsa tinyanja ta madzi a mchere ndi makola momwe ankasungira mahatchi okoka katundu. Potuluka musade nkhawa ndi mawondo, mumakwera chikepe.