Mwana wanga amangokhalira kumasula mawufa, adzadya nazo zimenezi?

Mayi wina wa ku Ngabu wandifunsa motere: "Mnyamata wanga analemba Fomu 4 koma mapointi sanamulole kupita ku yunivesite. Tsiku lonse ali pakhonde kumasula mawayilesi ndi mawufa a anthu, pano akuti akufuna kuphunzira zokonza ma intakomu a pageti ndi zoimbira za m'nyumba. Imeneyi ndi ntchito?"

Mayi, ndi ntchito ndithu, musamuthamangitse pakhondepo. Koma za intakomuzo, zipangizo zolankhulira ndi mlendo ali pageti inu muli m'nyumba, ndinene mosabisa, kuno ku Chigwa cha Shire nyumba zokhala ndi intakomu pageti ndi zowerengeka, zambiri zili ku Blantyre m'mipanda ya njerwa, ndiye akadalira zokhazo njala imupeza. Ndalama ya tsiku ndi tsiku kwathu kuno ili pa ma ampu (makina opatsa masipika mphamvu) a kutchalitchi, zokuzira mawu za pa chinkhoswe ndi pa ukwati, mawufa a m'mashopu pa Nchalo, pa Bangula, pa Dyeratu. Ubwino wake nzeru yake ndi imodzi, wodziwa kutsata waya wa sipika savutika ndi waya wa intakomu.

Chimene ndikufuna muonetsetse ndi ichi, kodi iyeyo amafufuza vuto kapena amangosintha zinthu mpaka chilire? Mmisiri weniweni akalandira ampu yoti yangoti zii sathamangira kumasula ayi, amayamba wafunsa mwini wake kuti chinachitika n'chiyani, kenako pulagi, fyuzi, waya, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Sipika amaiyesa ndi batire ya tochi ya 1.5V, akagunditsa mawaya ikati "pho" ndiye kuti koyilo siinaduke. Ikamalira "huuu" osaleka ngakhale mutatsitsa voliyumu, amakayikira makapasita (tizipangizo tosunga moto wa magetsi) akuluakulu a mbali yolowera magetsi, ena amachita kuoneka otupa pamwamba, ndipo ndi kutentha kwathu kuno koti mu Okutobala kumadutsa madigiri 40, makapasita amauma msanga. Voliyumu yokhekhereza poizungulitsa nthawi zambiri ndi fumbi basi. Intakomu nayonso, ikasiya kulira yambani ndi adaputa ndi waya wopita kugeti uja, madzi ndi chiswe zimaudya pansi pomwepo.

Ndiye pali ma DJ athuwa, abale anga! Ampu inalembedwa 4 ohms kumbuyo, iwo amangirira masipika anayi a 8 ohms pamalo amodzi, zimatsika kufika 2 ohms, ampu imatentha n'kupsa gule ali pakati. Samu yake ndi ya mu Physics ya kusekondale yomweyo, mumuuze mabuku aja asakolezere moto. Ena amalumikiza batire ya sola ya 12V mozondotsa, kautsi kakang'ono basi zatha. Mukumbukirenso mmene magetsi ankathimathimira malo opangira magetsi a Kapichira ataonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, magetsi akamabwera n'kupita choncho zipangizo zimavutika, ndipo nthawi ngati imeneyo wokonza sagona ndi njala.

Pepala la maphunziro likufunikabe. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, imalengeza malo a maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji monga Soche ku Blantyre ndi Nasawa ku Zomba, azitchera khutu pa wayilesi ndi kuyang'ana tsamba lawo la Facebook, alembere kosi ya zamagetsi. Podikira malo asakhale chabe, mumupezere mmisiri woti azikhala naye pa shopu ngakhale poyamba azingotumidwa, bola azimuona mmene amagwirira mita yoyezera magetsi. Pepalalo ndi lomwe lidzamutsegulire khomo pa kampani ngati ya shuga ku Nchalo kapena m'maloji, mawu oti "ndimatha" okha salemba munthu ntchito kumeneko.

Ngati muli ndi kangachepe, musamugulire foni ina, mugulireni mita yoyezera magetsi ija yotchedwa multimeter, ayironi yowotcherera mawaya ndi waya wake wa solda. Koma mayi chonde, magetsi a ESCOM ndi 230V, amapha, komanso kapasita yaikulu imasunga moto ngakhale mutazula pulagi, azitaya motowo kaye asanalowetse chala. Chimene chamira m'madzi osefukira asayatse kuti "tione ngati chikugwira", atsuke matope, chiume masiku angapo.

Fyuzi ikapsa aikemo ina yofanana nambala, osati kamwaya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya lija ndimaliona m'mawayilesi a anthu. Ikapsanso kachiwiri ndiye kuti mkatimo muli shoti, asiye kusintha, afufuze. Loweruka likubwerali mumutume akayese masipika a kutchalitchi kwanu limodzi limodzi ndi batire ya tochi ija, alembe mu kope chimene wapeza pa lililonse, mundilembere zimene walembazo.