Funsani Dokotala: Ndili ndi pakati, ndidye chiyani, ndisiye chiyani?

*Adokotala, ndili ndi pakati pa miyezi itatu ndipo ndi poyamba. Aliyense akundiuza zake: wina akuti ndisiye mazira, wina akuti nsomba, wina akuti nyama. Panopa ndikuopa chilichonse cha m'mbale. Zoona zake ndi ziti?*

Mayi, pepani kuti akusokonezani mutu. Zakudya zoti musiye n'zochepa kuposa zimene mwamvazo, ndipo pa zambiri vuto limagona pa kaphikidwe ndi kasungidwe. Munthu akakhala woyembekezera chitetezo cha m'thupi chimasintha, moti kachilombo kamene wina kangangomutsegula m'mimba tsiku limodzi, kwa inu kakhoza kudutsa pa nsengwa, pamene mwana amalandirira chakudya ali m'mimba, n'kukafika kwa mwanayo.

Mazira idyani, bola apse mpaka mbali yachikasu ija italimba. Dzira loti mukaliboola likuyenderera lisiyeni kaye, mumatha kubisala kachilombo ka salmonella. Nyama muziicheka pakati muone. Mkati mukakhala mofiira, kapena mukamatuluka timadzi ta magazi, ibwezereni pamoto. Nyama yosapsa imatha kukhala ndi toxoplasma, kachilombo kamene kamawononga maso ndi ubongo wa mwana ali m'mimba. Komweka kamapezekanso m'chimbudzi cha amphaka ndi m'dothi, n'chifukwa chake masamba ndi zipatso zodya zosaphika muyenera kuzitsuka bwinobwino. Mpeni umene mwadulira nyama yaiwisi usakhudze tomato musanautsuke ndi sopo.

Kamene ine ndimakaopa kwambiri ndi ka listeria, chifukwa kamaswana ngakhale m'furiji, malo amene anthu timawakhulupirira. Kamakonda mkaka wosawiritsa, tchizi chofewa chopangidwa ndi mkaka wotere, ndi nyama zodya zozizira monga poloni. Mu 2017 ndi 2018 ku South Africa anthu oposa 1,000 anadwala matendawa ndipo oposa 200 anamwalira. Atafufuza anapeza kuti gwero lake linali poloni, ndipo pafupifupi 4 mwa odwala 10 aliwonse anali makanda ongobadwa kumene. Kuipa kwake, mayi amangomva ngati chimfine, thupi kutentha ndi kuphwanya, pamene m'kati mwana ali pangozi: pathupi pakhoza kupita padera, mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane kapena kubadwa wakufa. Moto umakapha kachilomboka. Mkaka wochokera kukhola uwiritseni, kapena imwani wolembedwa kuti pasteurised kapena UHT. Soseji, poloni ndi chakudya chogona muzitenthetsa mpaka zitatuluka nthunzi, osati kungofunditsa. Thupi likatentha musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukanene zimene mwadya, chifukwa mankhwala ake alipo.

Amene anakuletsani nsomba sanakuchitireni zabwino. Nsomba zili ndi mafuta othandiza ubongo ndi maso a mwana, ndipo kudya kawiri pa sabata, zophikidwa bwino, n'koyenera. Zosiya ndi zikuluzikulu za m'nyanja yamchere zimene zimadya nsomba zinzake, monga shaki, swordfish ndi marlin, chifukwa zimaunjika mercury, chitsulo chapoizoni, m'thupi mwake.

Chimene sanakuuzeni ndi chiwindi. Chili ndi ayironi wambiri, inde, koma chilinso ndi vitamini A wochuluka zedi wa mtundu wa retinol, amene akachuluka amasokoneza kapangidwe ka ziwalo za mwana, makamaka miyezi yoyambirira imene mulimoyi. Chisiyeni kaye. Vitamini A wa mu karoti ndi m'masamba alibe vuto limeneli.

*Adokotala, mkazi wanga anamwako vinyo kawiri asanadziwe kuti ndi woyembekezera. Tsopano sakugona tulo ndi nkhawa. Anzanga akuti kapu imodzi apo ndi apo siwononga kanthu.*

Bambo, akazi anuwo auzeni mtima ukhale pansi. Amayi ambiri amene anamwa pang'ono asanadziwe, n'kusiya atangodziwa, amabereka ana abwinobwino. Akanene kusikelo, asachite manyazi, nkhani zotere timazimva kawirikawiri.

Koma anzanuwo musawamvere. Palibe mlingo wa mowa umene unatsimikizidwa kuti ndi wosavulaza mwana, ndipo vinyo ndi mowa basi ngakhale amwedwe m'tambula yokongola. Mowa umadutsa pa nsengwa mosavuta, ndipo chiwindi cha mwana chimakhala chisanakhwime moti n'kuuchotsa. Ubongo wake umakula miyezi yonse 9, ndiye palibe mwezi wonena kuti apa tapulumuka. Zotsatira zake zina siziwoneka pobadwa, zimadzatulukira mwana atayamba sukulu: kuiwala msanga, kulephera kukhazikika, kuvutika kugwira za m'kalasi. Inunso muwathandize, kumwa pamaso pa munthu amene mwamuletsa n'kumuyesa dala.

*Adokotala, popanda khofi m'mawa mutu umandiwawa. Ndisiyiretu? Ndili ndi miyezi isanu.*

Ayi, Mayi, ingochepetsani. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza oyembekezera amene amapitirira mamiligalamu 300 a caffeine (mankhwala ogalamutsa opezeka mu khofi ndi tiyi) patsiku kuti achepetse, ndipo ku UK ndi ku America malire amawaika pa 200. Ine ndimauza amayi kuti atsatire 200. Kapu yaikulu ya khofi wa ufa wongosungunula ili ndi pafupifupi 100, ya tiyi pafupifupi 75, chitini cha cola pafupifupi 40. Muziwonkhetsa zonse za tsikulo, chifukwa ambiri amawerenga khofi yekha n'kuiwala makapu atatu a tiyi amene amwa masana. Zakumwa zija amati zopatsa mphamvu zisiyeni. Mukachepetsa pang'onopang'ono, mutuwo umaleka pakapita masiku ochepa.

Chinanso, mapiritsi owonjezera magazi amene munalandira kusikelo, a ayironi ndi folic acid, musamamwere tiyi kapena khofi. Ziwirizi zimatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi. Mwerani madzi aukhondo kapena madzi a lalanje, tiyiyo abwere patadutsa ola limodzi kapena awiri. Chimbudzi chikamatuluka chakuda musadabwe, ndi mapiritsiwo.