Bambo ndi mkulu wa mpingo, kodi ndiwatengere ku pub ya m'mbali mwa Thames?

Achemwali, mwati bambo akubwera kudzakuonani ku London mwezi wamawa, ndi mkulu wa mpingo, mowa sadalaweko chibadwire, ndiye mukuopa kuti mukawatengera ku pub yakale ya m'mbali mwa mtsinje aona ngati mwawanyoza. Ine ndikuti pitani nawo, bola musankhe bwino tsiku ndi ola.

Vuto lili pa dzina. Akangomva kuti pub, m'mutu mwawo mubwera Bwandilo, nyimbo zogonthetsa m'kutu ndi anthu odzandira. Kuno Lamulungu masana mu pub mumakhala agogo, makanda m'tingolo tawo, agalu atagona pansi pa tebulo. Muwauze kuti mukupita kukadya nkhomaliro pa nyumba yomwe akuti inayamba kulandira alendo cha m'ma 1520, zina akadzionera okha.

Ndikunena pub yotchedwa Prospect of Whitby, ku Wapping, dera la kum'mawa kwa London. Poyamba inkatchedwa The Pelican, kenako anthu anaipatsa dzina loti Devil's Tavern, kutanthauza bala ya Mdyerekezi, chifukwa munkadzaza amalinyero, mbava ndi ozembetsa katundu. Dzina ili mwina musawauze musanadye. Itapsa ndi moto anaimanganso, n'kuitcha dzina la sitima yonyamula malasha yomwe inkakocheza pafupi pomwepo. Ndiye makoma si a 1520 ayi, chakale kwenikweni ndi miyala ya pansi imene mupondepo. Mkati ndi mwamdima pang'ono, matabwa akuda okhaokha, koma musachedwemo. Dutsani mukakhale pa khonde lakumbuyo, pomwe mtsinje uli m'munsi mwanu.

Apa ndi pomwe bambo anga aang'ono anaiwala zonse za mowa. Iwo ndi a ku Liwonde, Shire amamudziwa kuti amadzaza ndi mvula n'kuphwa m'chilimwe. Thames wa pa London amatsatira nyanja yamchere: kawiri pa tsiku madzi amakwera n'kutsika, nthawi zina mamita 6 kapena kuposa. Tinafika madzi ataphwa, pansi pakuoneka matope, miyala ndi mitengo yakale yowola. Pomwe timamaliza kudya, zonsezo zinali zitamira, madzi akumenya khoma. Anakhala chete kwa nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati kumtunda atsegula damu. Pambali pa nyumbayo pali kanjira kopapatiza ka masitepe, Pelican Stairs, kotsikira kugombe. Kumaterera, ndipo madzi akayamba kubwerera sachedwa, ndiye munthu wamkulu ndi bwino aonere pamwamba.

Kuseri kweniko muona mtengo wokhala ndi chingwe chopachikira munthu. Ndi chikumbutso chabe. Ku Wapping kunali Execution Dock, komwe ankanyongera achifwamba a panyanja, mtembo n'kuusiya pomwepo mpaka madzi ataumiza katatu. Captain William Kidd ananyongedwa kumeneko mu 1701, ndipo omaliza anaphedwa mu 1830. Mkulu wa mpingo sangasowe ulaliki pamenepa.

Za chakudya, musayembekezere zodabwitsa. Ndi chakudya cha Angelezi chachizolowezi: nsomba yokazinga mu ufa ndi tchipisi, pambali nsawawa zophwanya, kapena pie ya nyama ya ng'ombe. Pie zina amaphika ndi mowa, dzina lake mumaona mawu oti ale, choncho werengani kaye musanawaitanitsire. Lamulungu kumakhala nyama yootcha, mbatatesi, ndiwo zamasamba, msuzi wambiri ndi Yorkshire pudding, yomwe si ya shuga ngakhale dzina likunamiza; ili ngati chitumbuwa chofufuma chobooka pakati, ntchito yake n'kunyamula msuzi. Imeneyi ndi mbale yomwe munthu wozolowera nsima amadzuka atakhuta. Nsombayo asaifanizire ndi chambo, ndi ya m'nyanja yamchere, yoyera, yopanda minga yambiri, kukoma kwake kofatsa. Tsabola mulibe. Ine kabotolo ka Nali kamayenda m'chikwama, manyazi ndinasiya kale.

Kumbukirani kuti m'ma pub ambiri simukhala pansi kudikira woperekera zakudya. Mumapita nokha pa kauntala, kutchula nambala ya tebulo, kulipiriratu. Tiyi, khofi, madzi a zipatso zonse zilipo, ndipo palibe amene amayang'ana zomwe zili m'tambula ya mnzake.

Chimene chimandikhudza ine pamalopa ndi anthu omwe kulibe. Wapping linali dera la anthu otsitsa katundu m'sitima, amphawi, ogwira ntchito ya thukuta. Madoko a kumeneko atatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ntchito zinatha, mabanja ambiri anasamuka, ndipo nyumba zosungiramo fodya ndi vinyo anazisandutsa mafulati odula. Lero amene amadzaza pakhondepo ndi alendo ojambula zithunzi, a m'maofesi a ku Canary Wharf, ndi oyenda m'njira ya m'mbali mwa mtsinje. Pub yatsala, eni dera anasintha. Komabe mukakhalitsa muona nkhalamba imodzi kapena ziwiri zomwe wogulitsa sazifunsa chomwe zikumwa.

Lachisanu ndi Loweruka madzulo musayerekeze, phokoso lake bambo adzakuimbani mlandu mpaka ku Chileka. Sungitsani tebulo la Lamulungu cha m'ma 1 koloko, mutatuluka ku tchalitchi, ndipo onani pa intaneti nthawi yomwe madzi aphwe. Miyendo ikalola, kwerani sitima pa siteshoni ya Wapping kupita ku Rotherhithe, siteshoni imodzi yokha. Imadutsa pansi pa mtsinje mu ngalande yomwe injiniya Marc Brunel anakumba, yotsegulidwa mu 1843. Tsidya linalo kuli pub ina yakale, The Mayflower, ndipo khofi wa madzulo mukamwere kumeneko. Jekete atenge, mphepo ya pamtsinje silabadira kuti ndi chilimwe.