Madzi nawonso amamveka kwawo

Aphunzitsi ena a sayansi a ku Matero anditumizira imelo. Akuti: "Ndamva kuti akatswiri amadziwa kumene madzi a pansi pa nyanja yamchere achokera poyeza silicon. Zitheka bwanji, poti madzi ndi madzi basi? Ana a giredi 12 andipanikiza nalo funsoli."

Aphunzitsi, pa siteshoni ya mabasi ya Intercity mu Lusaka munthu akangotsegula pakamwa mumadziwa kuti uyu watsika basi ya ku Chipata, uyo ya ku Mongu. Madzi nawonso ali ndi kalankhulidwe ka kwawo, kungoti kowamvera kake ndi makina.

Silicon ndi yomwe ija ili mumchenga ndi m'galasi. Maatomu ake ndi amitundu itatu yosiyana kulemera, yotchedwa ma isotope: 28, 29 ndi 30. Pa maatomu 100 alionse, pafupifupi 92 ndi a 28, asanu a 29, atatu okha a 30. Mvula imasungunula miyala pang'onopang'ono, mitsinje n'kunyamula silicon ija. Kafue amapatsira Zambezi, Zambezi n'kukatula ku Mozambique. Ndiye anawo asanene kuti ife a dziko lopanda gombe sizitikhudza.

Nkhani yeniyeni ili pa tizomera tosaoneka ndi maso totchedwa diatom, tokhala pamwamba pa madzi pomwe pafika dzuwa. Tizomerati timamanga tizigoba tagalasi ndi silicon ya m'madzi, koma n'tosankha: timatengako kwambiri yopepuka ija ya 28. Madzi amene tadyamo amatsala ndi silicon yochepa, ndipo mwa yotsalayo ya 30 imachulukirako. Kusiyanaku n'kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi pa 1,000, monga anayezera Christina De La Rocha ndi anzake mu 1997. Amagwiritsa ntchito makina osiyanitsa maatomu potengera kulemera kwawo otchedwa mass spectrometer, poyerekeza ndi mchenga wina umene onse anagwirizana, NBS28.

Madziwo akazizira n'kulemera, amamira. Kumdima kulibe diatom womera, choncho chizindikiro chija chimayenda nawo. Madzi omira kumpoto kwa Atlantic, cha ku Greenland, ali ndi silicon yochepa koma yolemera, pafupifupi +1.8, kutanthauza kuti ya 30 yachulukirako ndi magawo 1.8 pa 1,000 poyerekeza ndi mchenga uja. Ozama a kufupi ndi Antarctica ali ndi silicon yambiri yopepukirapo, pafupifupi +1.2. Mukatunga madzi akuya pakati pa Brazil ndi Angola, nambala imagwera pakatikati, ndipo mumaona kuti a kumpoto alipo ochuluka bwanji, a kumwera bwanji.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti ngakhale kulemera kwa a kumpotowo kunayambirako kumwera. Ma diatom a ku Southern Ocean, nyanja yozungulira Antarctica, amadya silicon kwambiri, madzi otsalawo n'kulowa pansi pang'ono, n'kuyenda ulendo wonse mpaka kumpoto kukamiranso. Gregory de Souza ndi anzake anaonetsa zimenezi mu 2012. Kuzungulira konse kwa madzi akuyawa kumatenga zaka ngati 1,000.

Komabe muwachenjeze anawo. Wa ku Chipata akakhalitsa mu Lusaka chinyanja chake chimasintha. Ma diatom akafa, tizigoba tawo timamira n'kusungunukira pansi, n'kubwezeramo silicon yopepuka m'madzi amene sanachokere komweko. N'chifukwa chake ofufuza a GEOTRACES, pulogalamu ya mayiko ambiri yoyeza za m'madzi a nyanja, poyenda ndi sitima zawo, sadalira silicon yokha. Amayezanso mchere, kutentha ndi okosijeni pa malo omwewo amene atunga madziwo.