Amayi afuniranji gulu laokha mu mpingo womasuka kale?

FUNSO: Mng'ono wanga anakwatiwa ku America ndipo amapemphera ku mpingo wa Unitarian Universalist. Wandiuza kuti kamodzi pa mwezi amakumana amayi okhaokha, amayatsa kandulo, n'kumakambirana za Mulungu ngati mayi. Akutinso mpingo wawowo sukakamiza munthu chikhulupiriro chilichonse, ndipo abusa ambiri ndi akazi. Nanga gulu laokhalo n'lachiyani? Kumeneku si kugawa mpingo kodi? — Mayi wodabwa

YANKHO: Mayi, kudabwa kwanu n'komveka, ndipo yankho lake lili m'mbiri ya mpingowo. Unakhazikitsidwa mu 1961 pamene mipingo iwiri, wa Unitarian ndi wa Universalist, inaphatikizana, ndipo a Universalist anali atadzoza kale mkazi, Olympia Brown, kukhala mbusa mu 1863. Ngakhale zinali choncho, nyimbo ndi mapemphero zinkatchulabe Mulungu ngati mwamuna, ndiponso izi pamodzi ndi malamulo a mpingo zinkanena za anthu onse ngati kuti ndi amuna okhaokha. Kwa ife olankhula Chichewa vutoli silimveka msanga, popeza mawu akuti "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, pamene m'Chingerezi wopemphera amayenera kusankha pakati pa mawu a mwamuna ndi a mkazi akafuna kunena kuti "iye" potchula Mulungu. Komabe nafenso tikati "Atate", chithunzi chimene chimabwera m'maganizo chimadziwika.

Mu 1977, pa msonkhano waukulu womwe unachitikira ku Ithaca, m'chigawo cha New York, mpingowo unavomereza mfundo yotchedwa Women and Religion (Akazi ndi Chipembedzo), imene inayamba ndi mayi wina, Lucile Schuck Longview, pamodzi ndi anzake ochepa. Mfundoyi inapempha mamembala kuti aunike zimene amakhulupirira, aone momwe zikhulupirirozo zimachepetsera mkazi m'banja ndi mu mpingo, komanso asiye mawu osala akazi. Zotsatira zake zinaoneka pamene mfundo zikuluzikulu za mpingo zinalembedwanso mu 1985, ndiponso pamene buku latsopano la nyimbo linatuluka mu 1993.

Magulu ngati la mng'ono wanuyo anachuluka kuchokera mu 1986, pamene mbusa Shirley Ranck anatulutsa maphunziro otchedwa Cakes for the Queen of Heaven. Dzinali analitenga pa Yeremiya 7:18, pomwe mneneriyo akudzudzula akazi okanda ufa wopangira mikate mfumukazi yakumwamba. Ranck anasankha dala ndime yodzudzula, pofuna kuti amayi adzifunse kuti akazi amenewo ankapembedza chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani nkhani yawo timangoimva kuchokera pakamwa pa owatsutsa. Apa ndinene mosabisa kuti ena m'magulumo amafika popembedza milungu yaikazi ya mitundu yakale, zomwe Mkhristu wa mpingo wina sangazivomereze. Ena amangokhala pa ndime monga Yesaya 66:13, pamene Mulungu akudziyerekeza ndi mayi wotonthoza mwana wake, kapena Mateyu 23:37, pamene Yesu akudzifanizira ndi nkhuku yofungatira anapiye.

Pa nkhani ya kugawa mpingo, ine sindikuona choncho, ndipo umboni wanga ndi madzi. Mu 1980, amayi atasonkhana ku East Lansing, m'chigawo cha Michigan, Longview uja ndi mnzake wolemba nyimbo, Carolyn McDade, anakonza mwambo woti amayi abwere ndi madzi ochokera kumene amakhala kapena kumalo omwe amawakonda, aliyense athire m'mbale imodzi uku akufotokoza kumene anawatunga. Lero mwambowu umachitika m'mipingo yawo yambiri chaka chilichonse, kawirikawiri mu Seputembala, ndipo amuna ndi ana nawonso amaima pamzere atanyamula timabotolo tawo. Chimene chinayamba pakati pa amayi okhaokha chinasanduka cha mpingo wonse.

Chifukwa chokumanira paokha n'chosavuta kuchimva. Pali nkhani monga kupita padera, nkhanza za m'banja, kusiya kusamba, ngakhale kukwiyira Mulungu amene, zimene mkazi sanganene momasuka pamaso pa amuna, ngakhale amunawo atakhala ofatsa chotani. Kuchuluka kwa abusa aakazi, kapena kusankhidwa kwa mbusa wamkazi, Susan Frederick-Gray, mu 2017 kukhala mtsogoleri wa mpingo wonse, sikuchotsa manyazi amenewo.

Mukadzalankhulanso ndi mng'ono wanu, mudzamufunse kuti chaka chino madzi ake anakawatunga kuti, ndipo anati chiyani powathira m'mbalemo.